Tiphunzire kwa abwampini a ku Morogoro kaphunzitsidwe ka ziweto zathu

Akonzi,

Ndiloleni ndipemphe malo m'nyuzipepala yanu kuti ndilankhuleko za nkhani imene ambiri a ife timaiona m'misewu tsiku ndi tsiku koma osaiikira kumtima, ndiyo ya mmene timaphunzitsira ziweto zotigwirira ntchito. Sabata yathayi, tsiku la msika kuno kwathu ku Ntcheu, ndinapeza ngolo yodzaza ndi matumba a mbatata ya kachewere itatitimira m'matope, abulu ake awiri ataima chilili, makutu ali kumbuyo. Mnyamata woyendetsa ngoloyo anawakwapula ndi lamba wodulidwa ku tayala, abulu aja n'kukoka ndi mphamvu zawo zonse mpaka mawilo anayamba kusuntha, koma iye poona kuti zayamba kutheka, anawonjezera kukwapula kuti akoke kwambiri. Abulu aja anaimanso, ndipo ulendo uno sanasunthe mpaka anthu anatsitsako matumba n'kukankha ngoloyo ndi manja. Amene anali pamenepo anagwirizana kuti bulu ndi nyama yamakani. Ine ndinaona kuti akaima ankakwapulidwa, akakoka ankakwapulidwanso, choncho panalibe chilichonse chowadziwitsa chimene mbuye wawo ankafuna.

Sindikulemba kuti ndimunyoze mnyamatayo, chifukwa inenso ndinakula ndikukhulupirira kuti chiweto chimamva ndi mkwapulo basi. Ndili mwana tinali ndi galu wofiirira, wodziwa kusaka, amene tsiku lina m'mawa anadya usipa umene mayi anauika pathandala. Zinadziwika madzulo pofuna kuphika ndiwo. Ndinamuimbira likhweru, iye anabwera akugwedeza mchira monga mwa masiku onse, ndipo ndinamugwira pakhosi n'kumumenya koopsa. Kuyambira tsiku limenelo galuyo sankabweranso ndikamuitana. Ankaima patali, mchira uli pakati pa miyendo. Kuba sanasiye, anangophunzira kudikira kuti pakhomo pakhale popanda munthu. Panapita zaka zambiri ndisanamvetse kuti kwa iye chimene ndinamulangira chinali kubwera nditamuitana, pakuti ndicho anachita komaliza ndodo isanamugwere. Za usipa wa m'mawa uja panalibe njira yoti azilumikize ndi ululu wa madzulo.

Akatswiri a maphunziro a khalidwe anazifufuza kalekale zinthu zimenezi, ndipo zimene anapeza n'zosavuta kuzimva. Mu 1898 Edward Thorndike wa ku America anafalitsa zotsatira za kafukufuku wake wa amphaka, amene ankawatsekera m'bokosi lokhala ndi kachingwe kapena kathabwa kotsegulira chitseko, chakudya chili kunja. Poyamba mphaka ankangokanda paliponse mpaka mosadziwa n'kukhudza chotsegulira chija, koma pobwerezabwereza nthawi yotulukira inkanka ichepa, mpaka ankati akangomulowetsa n'kulunjika pomwepo. Thorndike anati khalidwe limene latsatiridwa ndi zokoma limabwerezedwa, pamene limene silinabale kanthu limazilala. M'zaka za m'ma 1930, B. F. Skinner anapititsa patsogolo nkhaniyi ku Harvard pogwiritsa ntchito makoswe odinikiza kachitsulo kuti kachakudya kagwe, kenako anapitiriza ndi nkhunda. Pa zonse zimene anapeza, ziwiri ndizo zoyenera kuti mlimi aliyense azidziwe. Choyamba n'chakuti mphotho iyenera kubwera nthawi yomweyo, pamene chiweto chikuchita chinthu chofunikacho, chifukwa ikachedwa ngakhale masekondi owerengeka imalimbikitsa china chimene chiwetocho chayamba kuchita pakatipo. Chachiwiri n'chakuti ntchito yovuta imaphunzitsidwa poidula tizidutswa, n'kumapereka mphotho pa kachidutswa kalikonse koyandikira chimene ukufuna, osadikira kuti chiweto chichite zonse kamodzi.

Palinso chimene Ivan Pavlov wa ku Russia anaona pa agalu ake, kuti phokoso limene nthawi zonse limatsogolera chakudya limafika pokhala ndi tanthauzo la chakudyacho. Ichi sitifunika kupita kusukulu kuti tichidziwe. Mayi akangoyamba kusinja pamtondo, nkhuku zonse zimathamangira pomwepo chimanga chisanagwe ndi njere imodzi yomwe, ndipo palibe amene anazimenya kuti ziphunzire zimenezo. Ophunzitsa nyama anatenga mfundo imeneyi n'kupanga kachida kakang'ono kogwira m'manja, kolira kuti "ka!" ukakadinikiza. Nyama ikadziwa kuti kulira kumeneko kumatsatana ndi chakudya, wophunzitsa amatha kuiuza pa sekondi yeniyeniyo kuti yachita bwino, chakudya n'kubwera pambuyo pake.

Umboni umene unandigwira mtima kwambiri suli kutali ndi kwathu kuno, ndipo ukukhudza nyama imene ife timaidziwa bwino, bwampini, amene anyamata amamukumba kuuna n'kumuwamba ndipo alimi amamuda chifukwa cha mbewu zawo. Mu 1997 Bart Weetjens wa ku Belgium anayambitsa bungwe la APOPO ndi ganizo loti makoswe akuluakulu amenewa angathe kununkhiza mabomba okwirira pansi, ndipo mu 2000 ntchitoyi inakhazikika ku Sokoine University of Agriculture, mumzinda wa Morogoro ku Tanzania. Anasankha bwampini chifukwa amamva fungo kwambiri, amakhala ndi moyo mpaka zaka 8 akamasamalidwa, ndipo ndi wopepuka, sapitirira kwenikweni kilogalamu imodzi ndi theka, moti akaponda bomba siliphulika.

Kaphunzitsidwe kake ndi komwe kaja ka Skinner. Tiana tikangofika milungu yowerengeka, amayamba kutinyamula m'manja, kutizoloweza fungo la anthu ndi phokoso losiyanasiyana, kuti tisamaope. Kenako amatiphunzitsa kuti kachida kaja kakalira, pakubwera nthochi yofinya kapena mtedza. Akatero amabweretsa fungo la TNT, mankhwala ophulika a m'mabombamo, ndipo kachida kamalira pokhapokha khoswe akaika mphuno pa fungolo. Pambuyo pake amasakaniza ndi fungo lina kuti aphunzire kusiyanitsa, kenako amakwirira fungolo m'dothi losaya, kenako m'munda waukulu momwe muli mabomba enieni ochotsedwa mphamvu. Khosweyo amavala kalamba komangirira kuchingwe chimene anthu awiri amachigwira uku ndi uku, n'kumayenda mzere ndi mzere, ndipo akamva fungo amaima n'kukanda pansi. Akalakwitsa sakalipiridwa kapena kumenyedwa. Kachida kamangokhala chete, nthochi osabwera. Maphunzirowa amatenga pafupifupi chaka, ndipo khoswe saloledwa kukagwira ntchito asanakhoze mayeso opeza mabomba onse m'malo amene ngakhale omugwirirawo sakudziwa pamene akwiriridwa.

Ife a m'malire muno tikukumbukira bwino nkhondo ya ku Mozambique imene inatha ndi pangano la mtendere la ku Rome mu 1992. Pa nthawi ya nkhondoyo abale athu ambirimbiri anathawira kuno, ndipo pobwerera anakapeza minda ndi njira zina zili zosapondeka chifukwa cha mabomba okwirira. Pa ntchito yochotsa mabombawa, imene inagwiridwa ndi mabungwe angapo kuphatikizapo HALO Trust, ndi anthu onyamula makina ofufuzira zitsulo, abwampini a APOPO analinso momwemo, ndipo anafika mpaka m'chigawo cha Tete chimene tachita nacho malire. Mu September 2015 boma la Mozambique linalengeza kuti malo onse odziwika kuti anali ndi mabomba ayeretsedwa. Ubwino wa khoswe ndi wakuti salabadira misomali ndi zidutswa za zitini zimene zimachedwetsa makina, iye amangotsata fungo la mankhwala ophulika. M'modzi mwa makoswe obadwira ku Tanzania, dzina lake Magawa, anakagwira ntchito ku Cambodia kumene anapeza mabomba okwirira 71 ndi zida zina zosaphulika 38, ndipo mu 2020 bungwe losamalira nyama la PDSA la ku Britain linamupatsa mendulo ya golide.

Makoswe omwewa anaphunzitsidwanso kununkhiza chifuwa chachikulu cha TB m'makhololo ochokera kuzipatala, kuyambira ku Tanzania, ndipo mu 2013 ntchitoyi inatsegulidwanso ku Maputo. Makhololowo amayamba atenthedwa kuti tizilombo tife, n'kuikidwa pansi pa timabowo tondandana, ndipo khoswe akamva fungo la matendawa amaima mphuno ili pabowo kwa masekondi angapo. Amatha kuyesa timabotolo 100 ta makhololo m'mphindi 20 zokha, ntchito imene munthu woyang'ana pa makina oonera tizilombo angaigwire masiku angapo, ngakhale kuti zimene khoswe waloza zimakatsimikizidwanso ku labotale wodwala asanauzidwe. Pano pali mfundo ina yofunika. Ophunzitsawo sangapereke mphotho pa chilichonse chimene khoswe waloza, chifukwa sakudziwa ngati walondola, choncho amasakanizamo makhololo odziwika kale kuti ali ndi matendawa, ndipo kachida kamalira pa amenewo okha. Khoswe salandira nthochi nthawi zonse, komabe safooka. Skinner anaonetsa kuti khalidwe lolandira mphotho mwa apo ndi apo ndilo limakhazikika kwambiri, ndipo n'chifukwa chake mbuzi imene inapezapo mpata kamodzi pa mpanda wa dimba imabwerabe tsiku ndi tsiku ngakhale muithamangitse kakhumi.

Nditapuma ntchito ya uphunzitsi ndinagula ng'ombe ziwiri zofula, za zaka ngati ziwiri, zimene ana anazitcha Bulaki ndi Mawanga, ndipo ndinatsimikiza mtima kuti sindizikwapula. Kachida kaja ndinalibe, choncho ndinasankha mawu amodzi achidule, akuti "eya", ndipo mphotho inali madeya osakaniza ndi kamchere, m'kathumba ka m'chiuno. Sabata yoyamba sindinachite china koma kuima pakhomo pa khola m'mawa, kunena mawuwo n'kupereka dzanja limodzi la madeya. Zitazolowera, ndinayamba kunena mawuwo pokhapokha ng'ombe ikalola kuti ndiigwire pakhosi, kenako ikalola chingwe, kenako kamtengo kopepuka kogoneka pakhosipo, mpaka tinafika pa goli. Pophunzitsa kuyenda ndinkakoka chingwe pang'ono n'kudikira, ndipo mwendo ukangosuntha ndinkamasula nthawi yomweyo. Apa ndi pamene ambiri timalakwitsa, chifukwa chimene chimaphunzitsa ng'ombe ndi kumasula kuja, pamene imazindikira kuti ikasuntha kukokako kumatha. Ukapitiriza kukoka ikuyenda kale, waichotsera chifukwa choyendera. Ndicho chinachitikira abulu a kumsika aja.

Sizinayende zonse bwino. Zitakoka chipika kwa masiku angapo ndinafulumira kuzimanga pa ngolo yopanda katundu, ndipo phokoso la ngoloyo kumbuyo kwawo linamudzidzimutsa Mawanga, analumpha n'kupotoza goli, Bulaki n'kugwada pansi. Mnansi wanga amene ankaonerera anandipatsa chikoti chake n'kunena kuti, "Achimwene, ng'ombe siimva Chichewa, ipatseni ziwiri zokha muone." Ndinamuthokoza koma ndinazimasula, ndipo ndinabwerera m'mbuyo. Ngolo ndinaiika pafupi ndi khola, madeya ndinkathira pambali pake, kenako mwana ankaigwedeza pang'ono zikudya, kenako ankaikankha kumbuyo kwawo ine ndikuziyendetsa zosamangirira. Patatha masiku ngati khumi ndinazimanganso, ndipo zinayenda ngati kuti zinabadwira pa ngolo. Akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha. Ntchito yonse inatenga miyezi iwiri, nthawi yosapitirira theka la ola m'mawa uliwonse, ndipo lero mdzukulu wanga wa zaka 12 amaziyendetsa kupita kuchigayo ndi mawu okha.

Ndikudziwa zimene ena anganene, chifukwa andiuzapo pamaso. Amati m'dziko limene anthu amagona ndi njala, nkhani yopatsa bulu mphotho ndi ya anthu okhuta. Yankho langa ndi lakuti mphothoyo si chakudya chowonjezera. Ndi madeya omwe aja amene mukanathira m'chodyera madzulo, kungoti mwawagawa pang'onopang'ono n'kuwapereka pa nthawi imene akuphunzitsa kanthu. Ndiponso mphotho si chakudya chokha, pakuti kupuma pamthunzi pambuyo pokwera chitunda, madzi, kukanda pamalo pamene chiweto chimakonda, ndi kumasula chingwe, zonsezi zimagwira ntchito ndipo sizigulidwa. Chiweto chikadziwa ntchito, madeya amachepetsedwa mpaka kumangoperekedwa mwa apo ndi apo. Ena amati kukwapula kumafulumira. Pa tsiku loyamba n'zoona, ndipo sindingakane kuti chilango chimaletsa khalidwe pa nthawi imeneyo. Koma chilango chimangouza chiweto chimene sichiyenera kuchita osachisonyeza choyenera, chimachititsa kuti chiziopa munthu mwiniyo, ndipo thupi likazolowera ululu pamafunika mkwapulo woposa wadzulo. Ofufuza a ku Porto, m'dziko la Portugal, anafalitsa mu 2020 zimene anapeza pa agalu 92 a m'sukulu zophunzitsa agalu, ndipo anaona kuti ophunzitsidwa mokalipiridwa ndi kukokedwa mwamphamvu ankaonetsa zizindikiro zambiri za mantha, komanso m'malovu awo munkapezeka timadzi tambiri tosonyeza kupanikizika, kusiyana ndi ophunzitsidwa ndi mphotho.

Mantha amenewa ali ndi mtengo wake kwa ife anthu. Kuti chiwewe chithe m'dera pamafunika kubaya katemera agalu osachepera 70 pa 100 alionse, ndipo ntchito yotereyi, monga imene bungwe la Mission Rabies linayamba ku Blantyre mu 2015, imayenda bwino pamene eni agalu atha kuwagwira n'kubwera nawo. Galu wonga wathu uja, amene anaphunzira kuti dzanja la munthu ndi ululu, sagwirika tsiku la katemera, ndipo ndi yemweyo amene amaluma mwana womuyandikira modzidzimutsa.

Ndiyenera kunenanso poyera kuti njira imeneyi ili ndi malire ake. Keller ndi Marian Breland, ophunzira a Skinner amene anasiya sukulu n'kuyamba ntchito yophunzitsa nyama zamitundumitundu, analemba mu 1961 za nkhumba zimene anaziphunzitsa kunyamula ndalama zamatabwa n'kukaziponya m'bokosi kuti zilandire chakudya. Poyamba zinkachita bwino, koma patapita nthawi zinayamba kugwetsa ndalamazo pansi n'kumazifukula ndi mphuno, ngakhale kuti kuteroko kunkachedwetsa chakudya chawo. Chibadwa cha nkhumba chinagonjetsa maphunziro. Amene amapambana ndi amene amayendera limodzi ndi chibadwa cha nyama, monga a ku Morogoro amene amagwiritsa ntchito mphuno ya bwampini, ndipo podziwa kuti ndi nyama yoyenda usiku amamutulutsa m'mamawa dzuwa lisanatenthe. Bulu naye ali ndi chibadwa chake. Akachita mantha kapena akamva kupweteka, kawirikawiri amaima nji m'malo mothawa, ndipo ife timati ndi makani. Abulu ambiri kuno timawamanga m'goli la ng'ombe, pamene thupi lawo linapangidwa kuti lizikoka ndi chifuwa, ndiye goli limawadya pakhosi mpaka zilonda. Palibe madeya amene angachititse bulu wa chilonda, waludzu, wosenzetsedwa katundu woposa mphamvu zake kuti akoke mokondwa. Musanafunse ngati chiweto chikukana, yambani mwaona ngati chingathe.

Pempho langa, Akonzi, likupita kwa Unduna wa Zaulimi, kwa aphunzitsi a ku Bunda ndi a ku Mikolongwe amene amasula alangizi a ziweto, ndiponso kwa okonza mapulogalamu a zaulimi pa wailesi. Alangizi athu amatiphunzitsa bwino za katemera, za nkhupakupa ndi za makola, koma pa zaka zonse zimene ndakhala ndikupita kumisonkhano ya alimi sindinamvepo phunziro la mmene mlimi angaphunzitsire ng'ombe kapena bulu wake. Nzeru imeneyi timaisiyira anyamata aganyu amene nawonso anaonera kwa anzawo, ndipo chimene anaonera ndi mkwapulo. Lamulo loletsa kuchitira nkhanza ziweto lilipo m'dziko muno, koma kuopseza mnyamata wa ngolo ndi lamulo popanda kumusonyeza njira ina n'chimodzimodzi ndi zimene iye amachitira abulu ake. Ndikupempha kuti phunziroli lilowe m'maphunziro a alangizi ndi m'phunziro la zaulimi la ku pulayimale, ndipo tsiku limene alimi asonkhana ndi ziweto zawo, mlangizi apatule ola limodzi, atenge ng'ombe yaing'ono imene sinalowepo m'goli ndi kambale ka madeya, aonetse anthu ndi maso awo mmene imayambira kutsatira chingwe. Ngati alangizi a kuno kwathu angafune ng'ombe zoonetsera, Bulaki ndi Mawanga alipo, ndipo ndidzabwera nawo pa ngolo.

Ine wowerenga wanu,
Mphunzitsi wopuma ntchito,
Ntcheu.